Mmene Mtsogoleri Wachikhristu Angaphunzirire Kusiyira Ena Ntchito

Pa gulu lililonse la anthu ogwira ntchito limodzi, kaya ndi ku ofesi, kumpingo kapena m'bungwe lothandiza anthu, simulephera kupeza mtsogoleri amene amafika woyamba n'kuchoka womaliza. Makiyi amasunga ndi iye, kaundula amalemba ndi iye, ndipo lipoti limene mnzake walemba sangalitumize asanalilembenso yekha. Anthu amamuyamikira chifukwa cha khama lake, ndipo n'zoona kuti khama ali nalo, koma gulu limene akulitsogolera limakhala ngati mwana wokulira kumsana, amene miyendo ali nayo koma kuyenda sadziwa. Tsiku limene mtsogoleriyo wadwala kapena wachokapo ntchito yonse imaima, ndipo m'pamene zimaonekera kuti pa zaka zonsezo palibe amene anaphunzitsidwa kanthu. Malangizo otsatirawa ndikuwalemba monga munthu amene ndinakhalapo mumsampha womwewu kwa nthawi yaitali, ndikuganiza kuti kumeneko ndiye kukhulupirika.

Yambani ndi kudziona mmene Yetero anamuonera Mose

Pa Eksodo 18 timawerenga kuti Yetero, wansembe wa ku Midiyani amenenso anali mpongozi wa Mose, atapita kukacheza m'chipululu anapeza mkamwini wake akuweruza milandu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu ataimirira momuzungulira tsiku lonse. Atafunsidwa chifukwa chake, Mose anayankha kuti anthu amabwera kwa iye kudzafunsira kwa Mulungu, ndipo iye amawaweruza ndi kuwadziwitsa malamulo. Yankholo linali loona komanso looneka lauzimu, koma Yetero sanakhutire nalo. Anamuuza mosapsatira kuti zimene ankachitazo sizinali zabwino, ndipo anaonjezera kuti wofooka sadzakhala Mose yekha, koma ndi anthu omwe anali kumudikirawo. Mfundo yachiwiriyi ndi imene atsogoleri akhama amakonda kuiiwala. Munthu akakumbatira ntchito zonse amaganiza kuti wovutika ndi iye yekha, osaona mnzake amene wakhala masiku atatu akudikira siginecha yake, kapena mtsikana waluso amene wafika poleka kupereka maganizo chifukwa akudziwa kuti zonse zimathera kwa munthu mmodzi.

Chofunika choyamba ndi kuiona ntchito yanu mmene ilili. Kwa masabata awiri muzilemba chilichonse chimene mwachita pa udindo wanu, ngakhale kutsekula chitseko, kuyankha foni kapena kukumbutsa anthu za msonkhano, ndipo pambali pake muzilemba nthawi imene chakutengerani. Masabata awiriwo akatha, khalani pansi ndi pepalalo n'kudzifunsa moona mtima kuti ndi ntchito ziti zimene zikufunikadi inuyo, ndi ziti zimene wina angazigwire ataphunzitsidwa, ndiponso ndi ziti zimene zikungochitika chifukwa chozolowera ndipo zikhoza kuthetsedwa popanda wodandaula. Kawirikawiri gulu loyambalo limakhala laling'ono kuposa mmene munthu amaganizira. Atumwi atamva dandaulo lakuti amasiye olankhula Chigiriki akusalidwa pa chithandizo cha tsiku ndi tsiku, monga zilili pa Machitidwe 6, sanavutike kudziwa gawo lawo, chifukwa ananena kuti iwo apitiriza kupemphera ndi kutumikira mawu, ndipo ntchito yogawa chithandizo anaipereka kwa amuna 7. Sanainyoze ntchitoyo, popeza anafuna kuti oigwira akhale a mbiri yabwino, odzala ndi Mzimu ndi nzeru. Anangozindikira kuti sinali yawo.

Mwina mukunena kale mumtima kuti pa gulu lanu palibe woti n'kumusiyira. Taganizirani chiwerengero ichi. Eksodo 12:37 imanena kuti amuna amene anatuluka ku Iguputo analipo pafupifupi 600,000, ndipo Yetero analangiza kuti pakhale atsogoleri a anthu 1,000, a anthu 100, a anthu 50 ndi a anthu 10. Mukawerengera pa chiwerengero chimenecho, atsogoleri ofunika anali oposa 78,000. Anthu amenewo sanachokere kudziko lina. Analipo kale pakati pa khamu lomwelo, ataima padzuwa kudikira kuti Mose awaweruzire milandu imene akanatha kuiweruza okha.

Fufuzani chimene chikukukanikitsani kumasula dzanja

Pepala lija likhoza kukuonetsani ntchito zoyenera kusiya, koma silingakuchititseni kuzisiya, chifukwa vuto lenileni limakhala mumtima. Ena chimawagwira ndi mantha akuti ntchito idzaonongeka ndipo manyazi adzagwera iwo. Ena amakondwa mwakachetechete akamamva anthu akunena kuti popanda iwo palibe chingayende, ndipo mawu amenewa ndi okoma kwambiri moti munthu akhoza kuwalipira ndi thanzi lake ndi banja lake. Palinso nsanje, imene Mkhristu sakonda kuivomereza, yoopa kuti wopatsidwa ntchitoyo aigwira bwino kuposa mwini wake ndipo anthu ayamba kutchula dzina lake. Ndi nsanje yomweyi imene inamudya Sauli kuyambira tsiku limene amayi anaimba kuti iye wapha zikwi koma Davide wapha zikwi makumi, ndipo kuyambira pamenepo mphamvu zimene akanatsogolera nazo dziko anazithera posakasaka msilikali wake wokhulupirika.

Mose anasonyeza mtima wina. Pa Numeri 11, Mulungu atapereka mzimu umene unali pa Mose kwa akuluakulu 70, awiri a iwo, Elidadi ndi Medadi, anayamba kunenera ali mumsasa, osati kuchihema kumene kunali anzawo. Yoswa anathamangira kupempha Mose kuti awaletse, koma Mose anamufunsa ngati akuchita nsanje m'malo mwake, n'kunena kuti akanakonda anthu onse a Yehova akanakhala aneneri. Musanapite kwa munthu aliyense kukamupatsa ntchito, pitani kaye m'pemphero ndi funso ili: kodi ndidzakondweradi munthu ameneyu akadzandiposa? Ngati yankho ndi lakuti ayi, musadzinamize. Litchuleni tchimolo ndi dzina lake pamaso pa Mulungu, chifukwa nsanje yobisidwa imatulukira poyera mwa njira zina, monga kumubisira munthu uthenga wofunika kapena kumudzudzula pagulu pa zinthu zazing'ono.

Sankhani munthu mosathamanga

Yetero anatchula zinthu zinayi zoyang'ana mwa munthu: akhale wokhoza ntchito, woopa Mulungu, wokhulupirika, ndiponso wodana ndi ziphuphu. Chimodzi chokha ndi chimene chikunena za luso, zitatu zotsalazo zikunena za khalidwe. Luso limaphunzitsika pa miyezi yowerengeka, pamene khalidwe limatenga zaka kuti liumbike, choncho pakati pa munthu wochenjera amene sasunga mawu ake ndi munthu wophunzira pang'onopang'ono amene akalonjeza amachita, sankhani wachiwiriyo. Yang'anani mmene munthu amachitira ndi zinthu zazing'ono pamene akuganiza kuti palibe akumuona, ngati amabweza chimene wabwereka, ngati amafika pa nthawi, ndiponso mmene amalankhulira ndi anthu amene sangamupindulitse kanthu. Yesu ananena pa Luka 16:10 kuti wokhulupirika m'chaching'ono amakhulupirikanso m'chachikulu, ndipo Paulo analangiza Timoteyo kuti atumiki ayambe ayesedwa, komanso kuti asafulumire kusanjika manja pa munthu. Pa chifukwa chimenechi yambani ndi ntchito imene itati yalakwika siingagwetse gulu lonse.

Chenjerani ndi chizolowezi chosankha anthu okhawo amene mumagwirizana nawo, kapena amene amaganiza ngati inu. Mayina onse 7 a amuna osankhidwa pa Machitidwe 6, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolao wa ku Antiokeya, ndi mayina a Chigiriki, zimene zikuoneka kuti mpingo unapereka udindowo kwa anthu a mbali yomwe inkadandaula. Pamenepa pali nzeru yaikulu. Munthu amene amakuvutitsani ndi madandaulo pa nkhani inayake nthawi zambiri ndi amene nkhaniyo imamukhudza kwambiri, ndipo wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Musadikirenso kuti anthu adzipereke okha, chifukwa odzipereka msanga si onse amene ali oyenera, ndipo oyenera ambiri ndi amanyazi. Barnaba ataona kuti ntchito ya ku Antiokeya yakula, ananyamuka ulendo wa ku Tariso kukafunafuna Saulo, munthu amene poyamba ophunzira ku Yerusalemu ankamuopa, ndipo anaphunzitsa naye limodzi kwa chaka chathunthu.

Perekani ntchito pamodzi ndi mphamvu zake

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo ndikufuna kukhalitsapo. Kumuuza munthu pakhomo mukutuluka kuti aone za msonkhano wa mawa n'kumutayira katundu, ndipo akalephera wolakwa ndi inu. Marko 3:14 imanena kuti Yesu anasankha khumi ndi awiri kuti akhale naye, ndiponso kuti akawatume. Kukhala naye kunayamba, kutumidwa kunatsatira. Inunso yambani ndi kumulola munthuyo kuti azikuonererani mukugwira ntchitoyo, mukumufotokozera chifukwa chimene mukuchitira chilichonse, pakuti zambiri zimene mumadziwa zinalowa kale m'manja mwanu moti simuzindikira kuti ndi nzeru yofunika kuphunzitsa. Kenako muigwirire limodzi, pambuyo pake aigwire iye inu mukuona osalowerera, ndipo akakhazikika muchokepo.

Pa tsiku lomusiyira, khalani naye pansi osathamanga. Mufotokozereni chimene mukuyembekezera kuona ntchitoyo ikatha ndi tsiku limene iyenera kutha, koma njira yofikira pamenepo mumusiyire malo oti aganize yekha. Muuzeni momveka bwino malire ake, zinthu zimene angagamule popanda kufunsa, zimene angachite n'kukudziwitsani pambuyo, ndi zimene sayenera kukhudza asanakuoneni. Yetero anaika malire omwewa ponena kuti milandu yaing'ono aziweruza okha, yaikulu azibwera nayo kwa Mose. Mupatseni zipangizo, mayina a anthu oti angamuthandize, ndi chenjezo la malo amene inu munapunthwapo. Yesu potuma ophunzira awiriawiri pa Marko 6 anawauza zoti atenge ndi zoti asiye, mmene akakhalire m'nyumba yowalandira, ngakhalenso chochita akakanidwa, ndipo atabwerako anasonkhana kwa iye n'kumufotokozera zonse zimene anachita ndi kuphunzitsa. Choncho gwirizananitu tsiku lodzakumananso. Munthu amene akudziwa kuti Lachisanu adzapereka lipoti amagwira ntchito momasuka kusiyana ndi amene foni yake imalira ola lililonse kufunsidwa pamene wafika. Pomaliza mupempheni kuti abwereze m'mawu ake zimene wamva, chifukwa kugwedeza mutu si umboni wakuti munthu wamvetsa.

Mukatero, lengezani pamaso pa gulu lonse. Pa Numeri 27 Mose anauzidwa kuti aimike Yoswa pamaso pa wansembe Eleazara ndi khamu lonse, amusanjike manja ndi kumupatsako ulamuliro wake kuti anthu azimumvera. Mukapanda kuchita zimenezi, anthu adzapitiriza kumulambalala n'kumabwera kwa inu, ndipo inu mukangowayankha kamodzi mwamuvula udindo ngakhale simunanene. Wina akabwera kwa inu ndi nkhani imene munaipereka kale, mubwezeni mwaulemu kwa mwini wake, ngakhale yankho mukulidziwa ndipo likanangotenga mphindi imodzi. Wopatsidwa ntchitoyo naye akabwera ndi vuto, musafulumire kulisenza. Mufunseni kuti, “Inu mukuona kuti tichite bwanji?” ndipo mudikire yankho ngakhale pakhale chete kwa kanthawi. Poyamba adzadabwa, koma posakhalitsa adzayamba kubwera ndi vuto pamodzi ndi maganizo a mmene lingathetsedwere.

Pa nkhani ya ndalama pokhapo musamusiye munthu yekha, kaya mumamukhulupirira motani. Paulo potumiza zopereka za mipingo anaonetsetsa kuti Tito apite ndi abale ena, mmodzi mwa iwo wochita kusankhidwa ndi mipingo, ndipo pa 2 Akorinto 8:20-21 anafotokoza kuti ankafuna kuchita zoyenera pamaso pa Ambuye komanso pamaso pa anthu. Kuwerenga ndalama anthu awiri, kusainira anthu awiri ndi kusunga malisiti kumateteza mbiri ya munthu wosalakwa, ndipo kumamuchotsera chiyeso munthu wofooka. Lamulo limeneli likukhudzanso inuyo.

Ntchito ikalakwika

Idzalakwika ndithu, ndipo m'pofunika kukonzekeratu. Choyamba siyanitsani ntchito yolakwika ndi ntchito yongosiyana ndi mmene inu mukanaichitira. Ngati cholinga chakwaniritsidwa moona mtima ndi pa nthawi yake, tsekani pakamwa ndipo muthokoze, ngakhale mipando yayalidwa mosiyana ndi kale. Ndinaonapo anthu aluso akubweza udindo chifukwa chakuti mtsogoleri ankakonza m'mbuyo mwawo tinthu topanda pake, ndipo ine ndemwe ndinatayapo wothandiza wabwino mwa njira imeneyi. Sanakangane nane, anangoyamba kudikira kuti ndizimuuza chochita chilichonse, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti amene anamuphunzitsa kudikirako ndinali ine.

Pamene pali cholakwa chenicheni, kambiranani muli awiri, monga Yesu analangizira pa Mateyu 18:15, ndipo musachedwe mpaka nkhaniyo itawola mumtima. Yambani ndi kufunsa chimene chinachitika, chifukwa Miyambo 18:13 imati kuyankha usanamve ndi uchitsiru ndi manyazi, ndipo nthawi zina mudzapeza kuti gwero la vutolo ndi malangizo anu osamveka. Nenani chimene chinachitika ndi zotsatira zake, osamupatsa munthuyo dzina lakuti ndi waulesi kapena wosasamala, kenako mugwirizane chimene chisinthe. Kwa akuluakulu anu ndi kwa anthu akunja, cholakwacho muchisenze ndinu, popeza mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo munthu amene mwamutchinjiriza tsiku limene walakwa sadzakubisirani vuto tsiku lina. Zikayenda bwino, tchulani dzina lake poyera. Paulo pa Aroma 16 anatchula mayina a anthu oposa 20 ndi zimene ambiri a iwo anachita, kuyambira Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, ndipo sanaope kuti ulemu wake uchepa.

Funso lovuta ndi lakuti munthu wolephera apatsidwenso mwayi kapena ayi, ndipo ngakhale atumiki akuluakulu anasiyanapo maganizo. Yohane Marko atawasiya pa ulendo ku Pamfuliya, Paulo anakana kumutenganso pamene Barnaba anaumirira, mpaka awiriwo anapatukana, monga zalembedwa pa Machitidwe 15. Patapita zaka, Paulo yemweyo analembera Timoteyo kuti abwere ndi Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Ine ndimaona kuti munthu amene walephera chifukwa cha mantha, kusadziwa kapena kuchepa msinkhu, ndipo akuvomereza, ayenera kupatsidwanso ntchito, mwina yocheperako ndi pansi pa munthu woleza mtima. Koma amene wanama, waba kapena wazunza anthu amene anaikidwa m'manja mwake achotsedwe pa udindowo. Kumukhululukira ndi lamulo la Khristu, koma kumubwezera makiyi kumadikira kuti zipatso za kulapa zionekere, ndipo mtsogoleri amene amasokoneza ziwirizi amavulaza anthu osalakwa.

Nthawi imene mwapeza muigwiritse ntchito bwanji

Mukayamba kumasuka mudzamva ngati mukulakwa, ndipo mudzafuna kudzaza mpatawo ndi ntchito zatsopano. Kanizani mtima umenewo. Mpatawo ndi wa zinthu zimene palibe angakuchitireni: kupemphera, kuwerenga Mawu, kuganizira kumene gulu likupita, kuchezera anthu anu mmodzimmodzi, ndi kupuma. Yesu ankadzuka kusanache kupita kwa yekha kukapemphera pamene anthu onse ankamufunafuna, ndipo ophunzira atabwerako ku ulendo uja wa pa Marko 6, anthu akuchuluka moti analibe mpata ngakhale wakudya, anawatenga kuti akapumule. Deuteronomo 17 imalamula kuti mfumu idzilembere buku la chilamulo ndi kumaliwerenga masiku onse a moyo wake, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mtima wake usadzikuze pa abale ake. Ikani nthawi imeneyi pa kalendala monga mmene mumaikira msonkhano, chifukwa ikangosiyidwa kuti idzapezeka yokha, siipezeka.

Mufunikanso Yetero wanu, munthu amene sakudalirani pa malipiro kapena pa udindo, amene angakuuzeni kuti chimene mukuchita si chabwino. Udindo ukamakula, anthu onena zoona amachepa, choncho muyenera kuchita kumupempha munthu wotere, kumakumana naye nthawi ndi nthawi, ndi kumuthokoza ngakhale mawu ake awawe. Rehobowamu anali nawo akuluakulu amene anamulangiza kuti akatumikira anthu iwonso adzamutumikira, koma anasankha uphungu wa anyamata anzake umene unamukomera m'khutu, ndipo mafuko khumi anamuchokera. Mose, amene ankalankhula ndi Mulungu maso ndi maso, anamvera mpongozi wake n'kuchita zonse zimene ananena.

Pakatha miyezi itatu kapena inayi, dziyeseni. Sankhani msonkhano umodzi kapena sabata imodzi yoti musakhalepo, muwadziwitsiretu anthu amene atsogolere, ndipo pa nthawiyo musaimbe foni kufunsa mmene zikuyendera. Mukabwerako funsani zimene zinayenda bwino, zimene zinavuta, ndi zimene anasowa chifukwa chakuti zinali m'mutu mwanu mokha. Zimene anasowazo muzilembe tsiku lomwelo, mutengenso pepala lija la masabata awiri, ndipo musankhepo ntchito yotsatira ndi dzina la munthu amene muyambe kumuphunzitsa.